Mtengo wa apongozi anga umene ndinauyesa wouma

Nkhani iyi ndinakaulula kale kwa apadiri kutchalitchi, koma chaka chilichonse imandibwerera m'mbale.

Ine ndinakulira ku Tete kotentha, kumene mapichesi ndinkangowaona m'dengu pamsika. Titasamukira kwawo kwa amuna anga, kufupi ndi Fonte Boa, chisanu cha Junyu chinandipeza ndilibe ndi chikuni chomwe. Mwana wanga Rozina ankatsokomola, ndipo zitsononkho za chimanga zimene tinkasonkhezera zinali zitatha. Ndinatenga nkhwangwa, ndinapemphera kuti Ambuye andionetse mtengo wouma, n'kulowa m'kankhalango ka mabulugamu kamene kali pabwinja la apongozi anga.

M'mphepete mwake ndinauona: wotuwa, wokhotakhota, wopanda tsamba ngakhale limodzi. Ndinagwada n'kuthokoza. (Mpaka pano ndimachita manyazi kuti ndinalowetsamo Mulungu pa mlandu umenewu.)

Nditatema kachitatu, zibanthu zinayamba kuthothoka zonyowa, m'mbali mwake mobiriwira. Mtima unandiuza kuti leka. Koma bala linali litafika kale pakati, ndiye ndinaganiza kuti mtengo wogwa umabisika kusiyana ndi mtengo wovulala. Nzeru za munthu wamantha! Ndinaugwetsa, ndinauduladula, chitsa n'kuchiphimba ndi masamba a bulugamu ngati mphaka wokwirira zake.

Kunyumba nkhunizo zinakana kuyaka. Zinkangolira, kumapeto kwake kukutuluka thovu. Utsi unadzaza kukhitchini mpaka Rozina, amene ndinkati ndimufunditse, anathawira panja akutsokomola koposa kale. Utsi womwewo ndi umene unaitana apongozi anga aakazi, agogo ake a Rozina.

Anaima pakhomo, anatola chikuni chimodzi, anachikanda ndi chikhadabo, kenako anachinunkhiza.

“Amake Rozina, nkhunizi mwatola kuti?”

“Kubwinja kuja, amayi. Unali wouma.”

“Wouma ukulira chonchi pamoto?”

Ndinasowa poyang'ana. Anakhala pansi pang'onopang'ono, chikuni chili pamiyendo ngati khanda.

“Mtengo wa pichesi umagona nthawi yachisanu, mwana wanga, sufa. Uwu anabzala ndi malemu apongozi anu aamuna, chaka chimene tinabwerako kothawa nkhondo ku Dedza. Tinapeza nyumba zonse zili phulusa. Iwo anakapempha kanthambi ku mishoni, n'kudzamezanitsa okha ndi kampeni kawo. Amati tikadzadya chipatso chake ndiye kuti tabwereradi kwathu.”

Sanakalipe. Ndikanakonda akanandilalatira mudzi wonse ukumva. Anangoti, “Mwanayu mubwere naye kwanga, kuli moto.” Ndipo masabata atatu Rozina anawothera nkhuni za munthu amene ndinamulakwirayo, mpaka chifuwa chinatha. Ine ku Misa ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Kutayamba kufunda, tsiku lina anandiitana. “Tiyeni mukaone maliro anu aja.” Tinapita. Anachotsa masamba ndinaunjika aja ndi ndodo yawo, ndipo pachitsa panali mphukira zinayi zofiirira. Ndinalira, ndinaimba, ndinati Ambuye aukitsa Lazaro.

“Musafulumire kuimba,” anatero apongozi. “Munatema m'munsi mwa pomezanitsa. Wadzukayu ndi Lazaro wina.”

Ananena zoona. Patapita zaka zitatu mtengo unabereka timapichesi tating'ono, tolimba, towawasa moti mbuzi imayamba yaganiza. Otsekemera aja, a malemu, anathera mu utsi wanga.

Chaka chilichonse zipatso zikapsa, apongozi amabwera ndi mbale yodzaza, nsalu yoyera itavundikira pamwamba, n'kukhala pamkeka.

“Idyani, amake Rozina. Ndi a m'munda mwanu.”

Ndimayamba ndadalitsa, chifukwa chakudya ndi chakudya. Amandiyang'ana mpaka nditamaliza atatu, ndiyeno nawonso amatenga pichesi limodzi, tonse nkhope zitakwinyika.

Masiku ano ndisanakweze nkhwangwa ndimayamba ndakanda khungwa ndi chikhadabo, ngakhale mtengowo utagwa wokha chaka chatha. Rozina amandiseka. Musiyeni aseke, chaka chino ndamusungira mapichesi ake atatu.