Mkamwini Amene Analibe Funso

Navutika, Chipata
14 Meyi 1996

Kwa Bwana Osunga Mapepala a Apilo,

Bwana, ndagwada. Ndine Yakobo Mbewe, wokonza njinga. Sukulu ndinalekera Giredi 4, ndiye mukhululuke ngati mawu anga sanavale tayi.

Ndalemba kudzathokoza m'malo mwa mng'ono wanga Fulansisi, amene anali kalaliki pa depoti ya feteleza cha ku Chiparamba. Chaka chatha khoti linamupatsa zaka ziwiri, ati analandira chiphuphu: dengu la mtedza wa chalimbana.

1. Zikomo chifukwa cha umboni. Mboni inali imodzi, mayi Sesiliya, omwe anabweretsa dengulo tsiku lolandira matumba awo awiri. Mayiwa ndi apongozi ake, ndipo dengu lotere amamupatsa chaka ndi chaka chikwatirireni mwana wawo. Wapolisi anawafunsa ngati anapereka, iwo anavomera. Zoti anapereka ngati ndani, palibe anavutika nazo.

2. Zikomo chifukwa cha chifundo. Poti analibe loya, khoti linamulola kuti awafunse yekha mafunso. Mwina kwanu zimatheka, Bwana. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi panjira amapatukira kutchire. Ndiye awapanikize pagulu, choimirira, maso ndi maso? Anangozolika. Pepala la khoti likuti woimbidwa mlandu analibe funso. Pepala silinama ayi, limangosiya zina.

3. Zikomo potiphunzitsa, titapempha kuti mlandu uonedwenso, kuti pa apilo oweruza samva anthu, amawerenga pepala lomweli. Komatu salilandira lisanataipidwe, ndipo miyezi khumi ndi inayi tsopano riboni ya makina anu otaipira idakali panjira kuchokera ku Lusaka. Ndinagula ina ndekha. Mlembi wanu anaikana, ati ingaoneke ngati chiphuphu. Ndinamuombera m'manja msangamsanga, manjawo asanapeze ntchito ina.

A kundende akuti Fulansisi atuluka mu Julayi, amuchotserako miyezi poti ndi munthu waulemu. Ulemu womwewo unamulowetsa. Akatuluka apilo isanamveke, atuluka ndi dzina la mbala, ndipo palibe adzamulembenso ntchito ngakhale yolondera nkhokwe.

Sindikukufulumizitsani, Bwana. Chilungamo si tayala loti n'kumata pompopompo. Ndingopempha kamodzi: tsiku lomwe mudzapeze kuti analibe mlandu, mudzatilembere pachitseko windo lokalandirira miyezi yake yam'ndende ija, tisadzavutitse akuluakulu ndi kufunsa.

Ine kapolo wanu wosaphunzira,
Yakobo Mbewe