Mpango wa Chipewa ndi Mutu wa Apongozi

Lolemba

Juni wafika ndi mano. Makutu akundifera pa njinga m'mawa uliwonse popita kuntchito ku Palabana. Ndaganiza zodzisokera mpango wokhala ndi chipewa chake. Zofunika: kabulangete ka pa salaula (kaunjika), ulusi, sizasi, ndi nzeru za kukoleji. Ndadula chitsanzo pa nyuzipepala, ndachivala, ndikudzigomera pa galasi la windo. Kuseri kwa galasi kukuoneka nkhope. Apongozi! Mayi ake a mkazi wanga, angotsika minibasi kuchokera ku Bundabunda, nkhuku ili m'khwapa. Ndagwada, nyuzipepala idakali kumutu.

Lachiwiri

Apongozi aona kabulangete, afunsa mwana wawo. Amake Dalitso: "Ni mpango, Amai." Iwo: "Wanga? Mayo! Nenze kufuna kubwelela mailo, koma niyembekeza usile." Ndamva zonse ndili kuseri kwa nyumba, kumene ndikukhala masiku ano. Ndiye kuti mawa sapita, mpangonso si wanga. Ndipo mpaka utatha: kabudula sindivala, mpira wa pa wailesi ndimvera chamumtima, m'nyumba mwanga ndilowera kukhitchini ngati mphaka. Mpangowu uthe!

Lachitatu

Makina osokera ali m'chipinda chimene akugona apongozi. Mkamwini salowamo, ngakhale nyumba ikupsa. Ndapempha amake Dalitso awatulutse. "Baikapo cola na kolona. Mufuna baganize kuti tibapitikisa?" Singano ya pamanja basi. Chala chasanduka sefa.

Lachinayi

Vuto lomwe kukoleji sanatiphunzitse: mutu wa apongozi umayezedwa bwanji? Kuwakhudza, ayi. Kuwayang'anitsitsa, ayi. Ndatuma amake Dalitso ndi tepi. Abwerera msanga: "Bakana. Bati tepi bapimila munthu wofuna bokosi."

Zotsala:
mutu wa mkazi wanga (uli ndi malukidwe otalika ngati chulu)
dzungu
mthunzi wa apongozi pakhoma

Ndasankha mthunzi. Madzulo akuothera dzuwa, ine ndikukwawa m'mbali mwa khoma ndi tepi, maso kumbali. Sayansi!

Lachisanu

Ndasoka chipewa mbali zonse, osasiya polowera mutu. Chatuluka pilo wabwino kwambiri. Ndikusosola ulusi ndi lezala. Apongozi ali pakhonde, akulankhula ndi nkhuku zanga mokweza kuti ine ndimve: "Anthu ophunzila samathamanga. Ise tilibe cangu, cimanga tinakolola kale."

Loweruka

Zatha! Koma mthunzi wa madzulo ndi wabodza, ndipo unali ndi duku. Chipewa chadya nsalu yonse. Galu angagonemo ndi ana ake. Mpango weniweniwo watsala timichira tiwiri. Amake Dalitso aseka mpaka kukhala pansi. "Musosole, muyambenso." Ayi, mayi. Apongozi ndawamva akufunsa ngati kuno mvula imayamba msanga. Ndaupinda bwino, ndapereka kudzera mwa mwana wawo, ndathawira ku khola.

Lamulungu

Misa yatha, tikuwaperekeza kumsewu, ine kumbuyo patali monga mwa ulemu. Pa siteji auvala. Chipewa chatsika mpaka pachibwano. Kenaka mawu akutuluka m'katimo: "Ubauze apongozi, bamuna bako, kuti basoka bwino. Apa ningakhale nao pa mpando umodzi, sinibaona."

Minibasi yafika. Kondakitala akuwagwira dzanja ngati mkwatibwi: "Ba mayo, kwezani mwendo, apa ni citseko." Akhala. Akutsazika mtengo wa mango ndi manja awiri.

Ndapuma mpweya wa sabata yonse. Fumbi lisanathe, amake Dalitso akundinong'oneza: "Bati popeza manje kulibe manyazi, bazabwelanso na ang'ono bao. Musoke wina."