Dzimbiri la m'Mapaipi a Mlamu Wanga

Anthu a ku Khuyu, pachilumba chathu chino, nkhaniyi akuikamba mokhotetsa, ndiye bola muimve kwa ine mwini wake amene ndinanyowa.

Mlamu wanga Esinati, mng'ono wa akazi anga, ali ndi makina opangira ayisi ku Khuyu konko. Asodzi amagula ayisiyo kuti nsomba zawo zikafike kumtunda pa sitima zisanaole. M'kanyumba ka makinawo muli mapaipi achitsulo odutsa madzi amchere ozizira koopsa, ndipo anawakulunga ndi siponji n'kukutira malata pamwamba kuti kuzizirako kusathawe. Tsiku lina Esinati anafika kwathu ku Chipyela nkhope ili yakugwa. Akuti m'mawa uliwonse akumapeza timadontho tofiirira pasimenti koma sakudziwa paipi imene ikudontha, ndiye akufuna kuitanitsa katswiri wa ku Mzuzu wokhala ndi kachipangizo koyezera chitsulo.

Ine mtima unandiwawa. Munthu ndinathera unyamata wanga wonse ku Joni, pafakitale yaikulu, ntchito yake yomweyi yokulunga mapaipi, lero mlamu wanga akaitane mlendo ine ndili moyo? N'zoona kuti ine ndinkangokulunga, olosera pamene padzabooke anali ena oyenda ndi mapepala m'manja, koma ndinkawaona mmene ankachitira, ndipo maso ndinali nawo.

"Mlamu, musavutike," ndinatero. "Dzimbiri ine ndimalimva ndi khutu."

Akazi anga anandiyang'ana. "Abambo a Lusi, khutu lake liti? Lomwe lija simumva nalo belu la kutchalitchi?"

M'mawa mwake ndinavala ovolosi yanga ya ku Joni, imene masiku ano imakana kutseka pamimba, ndinatenga choko, mpeni ndi kanyundo, ulendo wa pansi mpaka ku Khuyu. Esinati anandipempha kuti tidikire sitima idutse kaye, poti inali kubwera mawa lake ndipo ayisi anali ali pakati popangika. Ine ndinati ntchito yake ndi yaing'ono, tiyi wanu asanazizire ndikhala nditamaliza.

Pakhomo panali asodzi ndi amayi ogula nsomba akudikira ayisi, ndiye nditaona anthu ndinati ndiwaphunzitseko. Ndinawauza kuti dzimbiri loopsa si limene mumaliona. Chinyezi chikalowa pansi pa siponji chimakhala momwemo, chitsulo n'kumadyeka ngati mtanda wa denga wolowa chiswe, kunja malata ali phuliphuli. Ndinati limakonda pokhota, pamalumikiziro ndi pamene malata ang'ambika. Zimenezi n'zoona, ngakhale lero ndikhoza kuzibwereza pamaso pa aliyense.

Ndinayamba kugogoda, khutu ndagunditsa palata, maso ndatsinzina. Ndinalemba mtanda wa choko malo atatu amene ndinati pali dzimbiri. Paipi ina yam'munsi, yotsata khoma, ndinaigogoda kamodzi n'kulembapo ndi zilembo zazikulu kuti YABWINO.

"Iyi tidzafa tonse n'kuisiya," ndinalengeza.

Ndinakanganula lata pa mtanda woyamba, kudula siponji, anthu n'kusunzumira. Chitsulo chili mbee, penti wake osakandika n'komwe.

"Nanga dzimbiri lija, achimwene?" anafunsa msodzi wina, Barinaba, amene tinaphunzira naye limodzi ndipo sanayambe wandifunirapo zabwino.

"Lili m'njira. Ine ndimalosera za kutsogolo."

Pa mtanda wachiwiri chimodzimodzi, mwina kuwala kwake kuposa poyamba. Esinati anayamba kutola zidutswa za siponji pansi, akundiyang'ana ndi diso loipa. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma mukanakhala inu, Barinaba akumwetulira chonchija, mukanaleka?

Mtanda wachitatu unali m'mwamba pafupi ndi denga. Esinati anati akabwereke makwerero kwa aneba, ine ndinati ku Joni tinkakwera nsanja zoti mukaima pamwamba anthu amaoneka ngati nyerere. Ndinagwira paipi yam'mwamba ndi manja onse awiri, phazi n'kuponda pa paipi yam'munsi ija, pa mawu anga omwe aja akuti YABWINO.

Inangoti phwa, ngati ndaponda chigoba cha dzira. Madzi amchere ozizira anatumphuka n'kulowa m'mwendo wa ovolosi, kukwera mpaka kumene sindingatchule pano, ine ndili lende m'mwamba, miyendo ikupalasa mphepo. Ovolosi nayo inaona kuti nthawi yake yakwana, inang'ambika kumbuyo kuchokera m'chiuno kutsika. Amayi aja anatembenuka kuyang'ana kukhoma mwaulemu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Esinati anathamanga kukazimitsa makina, ndipo amene ananditsitsa, pa anthu onse a pachilumba pano, anali Barinaba, atandikumbatira ngati mkwatibwi.

"Iyi ndi ija tidzafe n'kuisiya?" anandinong'oneza.

Kuseka kunatha msanga, chifukwa ayisi sanapangike ndipo nsomba zinali kale m'mabeseni. Zinafunika kuwambidwa tsiku lomwelo zisanawonongeke. Ndinakhala masiku awiri pa utsi pamodzi ndi amayi aja, nditamanga chitenje cha Esinati m'chiuno, kutembenuza utaka ndi kampango, maso akutuluka misozi. Palibe anandikalipira, ankangondiitana kuti "a injiniya, nkhuni zatha."

Katswiri uja anabwera ndithu pa sitima yotsatira, mtsikana wamng'ono kuposa Lusi wanga. Anatola chidutswa cha paipi yothyoka ija n'kuchifinya ndi zala, chinangoyoyoka. Anati madzi a mvula ankalowera pakhoma n'kumanyowetsa siponji kwa nthawi yaitali, chitsulo chinatsala chopyapyala ngati pepala, ndipo chikanaphulika chokha tsiku lililonse, mwina popanda munthu pafupi woti azimitse makina.

"Anaitulukira ndani paipiyi?" anafunsa.

Ndinaimirira. "Ndine, mayi."

"Munayezera chiyani, bambo?"

Barinaba anatsegula pakamwa koma ndinamuyambirira. "Njira ya ku Joni. Simunafike pophunzira imeneyo."

Ndiye amene akuseka asekebe, koma andiyankhe. Ndinapita ku Khuyu kukafuna paipi yodyeka ndi dzimbiri. Ndinaipeza kapena sindinaipeze? Kachipangizo ka mtsikanayo kanatha tsiku lathunthu kuyeza mapaipi otsalawo, ine yanga ndinaipeza kamodzi n'kamodzi.

Pochoka, mtsikanayo atamva nkhani yonse kwa Esinati, anandipeza pagombe n'kunena mwaulemu kuti ku Nkhata Bay kuli mapaipi ena okayikitsa, ngati ndili ndi mpata ndikawapondeko. Ndinamuuza kuti ndinapuma pantchito. Paipi ya munthu sindidzapondanso, ngakhale andigwadire, ndipo luso limeneli ndidzapita nalo kumanda osaphunzitsa aliyense.