Tsiku limene ndinapha amuna anga ndi piripiri

Anzanga inu, mukandiona ndikuseka ndekha posinja piripiri musamati ndazungulira mutu, pali nkhani.

Kunali kumapeto kwa nkhondo, tikukhala ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga. Ana ndinali nawo asanu ondondozana, ndipo womalizayo anangotsala pang'ono kunditengera kumanda. Anamwino, amene tinkangowatchula kuti a enfermera, anandiuza mosapsatira kuti mimba ina ikabwera msanga sindidzadzukanso. Anati kwabwera njira yatsopano yolera, timitengo toika pansi pa khungu la mkono. Amuna anga, bambo a Jaime, anavomera, koma tinapangana kuti apongozi asamve, poti iwo zidzukulu sizinkawakwana.

Tsono ine jakisoni ndimamuopa kuposa mfuti, zoonadi! Ndiye ndinakapempha nzeru kwa Abiti Saidi, mnzanga amene tinkagulitsa naye mbatatesi pamsika, munthu woti sanaikitsepo kalikonse koma amadziwa zonse. "Amang'amba ngati akusenda mbuzi," anatero. "Koma iwe upakiretu piripiri pamkonopo. Ululu ukapeza unzake wakhala kale, umabwerera."

Ndipo ine, ntchembere ya ana asanu, ndinamvera! M'mawa ndinasinja piripiri, n'kupaka mkono wamanja kuyambira pachigongono mpaka kukhwapa, n'kufunda kapulana, chitenje chathu chija, uyo ulendo wa kuchipatala. Kuzizira kwa Lichinga mukukudziwa, koma ine thukuta linali kamukamu, mkono ukuyaka moto, misozi n'kuyamba kulengeza, ndiye ndinati ndipukute. Ndi dzanja liti? Lomwe lija ndinapakira. Mayo ine!

Ndinafika pachipatala ndikulira chokweza, maso ali psuu. Tsono bambo a Jaime ankapakira katundu m'magalimoto a koluna, aja ankayenda pamzere moperekezedwa ndi asilikali popita ku Cuamba, ndipo masiku amenewo mkazi wa munthu wa koluna akamalira palibe ankafunsa kawiri. Amayi amene anali pamzere anandizungulira. "Awaombera panjira?" Ndikanayankha chiyani? Kuti ayi, ndadzithira zokometsera ngati ndiwo? Ndinangowonjezera kulira, iwonso n'kuyamba kundithandiza, wina n'kuliyatsa liwiro kukauza abale. Pamenepo mwini wake wa malirowo ndamusiya kunyumba akuliza mkonono, atabwerako dzulo lake.

A enfermera anandikokera m'kachipinda, kungovundukula kapulana anayetsemula. "Mayi, mwabwera kudzalera kapena kudzawotchedwa?" Ndinaulula. Sanandikalipire, anangoluma mlomo kuti asaseke, n'kunditsuka m'maso ndi madzi, mkono ndi sopo. Kenako anafunsa, "Mumagwira ntchito ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye tiika kumanzere."

Abale inu! Moto wonse uja ndinayatsa pamkono wosalakwa.

Anandibaya kajakisoni kochititsa dzanzi, kungoti tswii ngati nyerere, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kukhoma ndiwatchulire ana anga mmodzimmodzi ndi zimene aliyense amakonda kuba mumphika. Ndili mkati mowaneneza anawo ndinakumbukira mantha anga, ndinati, "Chonde mukamayamba mundiuze." Iwo anati, "Tatha kale, ndikumanga bandeji."

Pobwerera ndinapeza pakhomo padzaza anthu. Apongozi ali pansi, maso otupa, atagwira mwendo wa mwana wawo osafuna kuusiya, ndipo bambo a Jaime aima atafunda bulangete. Atandiona anati, "Mayi a Jaime, akuti ndafa. Tandiuzani, ndafa bwanji?"

Ndi bandeji kumanzere, matuza kumanja, ndikanabisanso chiyani? Ndinanena zonse pagulu, za timitengo, za mawu a enfermera, za piripiri, ndikuopa kuti apongozi andibweza kuchipatala akachotse timitengoto. Iwo anayang'ana mwana wawo, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali, kenako anati, "Lero ndalira maliro abodza ndipo andikwana. Enieni sindikuwafuna, kaya a uyu kaya ako. Timitengoto tikhale momwemo."

Apo ndiye ndinalira zenizeni, popanda piripiri.

A enfermera aja, kulikonse ali, Mulungu awadalitse, ana asanu onse ndawalera ine mwini mpaka kumera mano anzeru. Mkono wamanzere sunandivute n'komwe, wamanja ndi umene unasupuka khungu. Kuchokera tsiku limenelo piripiri ndimathira mundiwo basi, ndipo Abiti Saidi ndimangowafunsa mtengo wa mbatatesi.