Tambala Wanga pa Chinkhoswe cha Eni Ake

Lolemba

Mkamwini wafika! Ndi dzina limene ndamupatsa. Ali m'galaja, m'kakhola kakekake, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati ndamulakwira. Ine msana ukuwawa. Kuchoka ku South Bend kuno mpaka kuseri kwa Indianapolis, kupita n'kubwerera, pa tsiku langa lopuma.

Tambala wa mtundu wa Buckeye, wofiira moderako, chifuwa chotambalala, zala zonse zowongoka. Zalazo ndaziyang'ana chimodzichimodzi.

Nkhuku zangazi zikutha ndi chibale. Tambala wanga wakale, Madala, ndi bambo wa mathadzi onse, kwa ena ndi agogo awo, ndipo mwamuna wawo ndi yemweyonso. Zotsatira zake:
mazira ambiri osaswa,
anapiye a zala zopindika,
ena ongofa osatsanzika n'komwe.

Mankhwala ake ndi amodzi basi: tambala wa mtundu womwewu koma wa magazi ena. Andipatsa ndi amayi ena achizungu okalamba, amene aweta nkhuku zimenezi moyo wawo wonse. Akugulitsa famu, akukakhala kwa mwana wawo. Uyu ndiye wotsiriza wa khola lawo. Ndalama akana. Angoti ndidzawatumizire zithunzi za anapiye, misozi ili lengelenge. Ndalonjeza.

Lachiwiri

Lamulo la oweta: nkhuku yachilendo imakhala payokha masabata angapo isanaonane ndi zinzake, kuopa matenda. Ine namwino sindingaphwanye limeneli. Mathadzi adikire.

Ntchito kuchipatala tsiku lonse, miyendo yatupa. Pofika kunyumba ndapeza amuna anga, bambo a Tadala, ali chilili m'galaja, manja kumbuyo, akuyang'ana Mkamwini. Munthu amene chiyambire sanathirepo madzi m'khola! Akuti, "Koma tambala ameneyu ngooneka bwino, eti?"

Ndasangalala. Ndati mwina ayamba kukonda ziweto.

Lachitatu

Sanayambe kukonda ziweto.

Loweruka kuli chinkhoswe cha Yamikani, mwana wa mlongo wawo, ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis. Iwo ndiwo nkhoswe yakuchimuna. Izi ndikuzidziwa, chitenje ndinasoketsa kale. Chimene sindimadziwa n'choti akuchikazi akufuna mwambo wonse, wa nkhuku zamoyo: akuchimuna apereke tambala, akuchikazi apereke thadzi. Malume a mkwatibwi achita kubwera ndi ndege kuchokera ku Dowa, ndipo akuti za nkhuku ya m'firiji iwo ayi.

Bambo a Tadala akuti, "Ndinapromisa kale. Tingomubwereka, mwambo ukatha tidzasinthanenso kuseri kwa holo."

Ndati tengani Madala. Akuti Madala akutsimphina, mchira unathothoka, akuchikazi adzati mkamwini wawonso ndi wotero. Ndati kaguleni wina. Akuti, "Nkhuku yoweta sagula pamsika." Miyambi amaikumbukira akafuna chinthu changa.

Ndakana. Ndakananso. Kenako apongozi aimba kuchokera kumudzi kundithokoza chifukwa cha mtima wanga wabwino.

Lachinayi

Nthawi ya chakudya chamasana yonse ndathera pafoni, kufunafuna tambala wina. Zimene ndapeza:
katambala kokongoletsa pakhomo, kakang'ono ngati nkhunda;
bambo wina wa ku Speedway amene anali naye, koma nkhandwe inanditsogolera;
anapiye a tsiku limodzi, otumiza pa positi.

Chinkhoswe cha mwanapiye!

Ndipo n'kungotaya nthawi. Bambo a Tadala atumiza kale chithunzi cha Mkamwini pa gulu la pafoni la Amalawi. Anthu akuyamikira ngati ndiye mkwati. Mayi wina walemba, "Ameneyo ndi lokolo weniweni, msuzi wake ndikuumva kale." Ndazimitsa foni.

Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha. Ndikudziwa mmene zinthu zobwereka zimayendera pakati pathu. Mbale zanga za ukwati wa chaka chatha zili kuti?

Lachisanu

Ndaphwanya lamulo langa lomwe. Ndapempha kuweruka msanga, ndatsekera Madala m'shedi, ndalowetsa Mkamwini kwa mathadzi. Maganizo ndi oti agwireko ntchito ngakhale masana amodzi, kuti zikavuta mawa nditsale ndi mazira ake.

Ndakhala pa ndowa kudikira.

Mathadzi amuzungulira. Wamkulu wawo wamujompha pamutu. Mkamwini wathawira pakona, walowetsa mutu kuseri kwa chomwera madzi, wangoti zii. Ndamuthirira chimanga kuti aitane akazi monga achitira atambala anzake. Wadya yekha.

Madala m'shedi akulira mokweza ngati akuseka.

Dzuwa lapendeka, palibe chachitika, ngakhale kuyesa. Mnyamata ndi waulemu kwambiri ameneyu, analeredwa bwino. Ndamubweza m'galaja. Bambo a Tadala akusita suti, akuimba nyimbo.

Loweruka

Msewu uja kachiwiri, Mkamwini ali m'katoni pamiyendo panga. Ndafunsa bambo a Tadala ngati malume a ku Dowa auzidwa kuti tambalayu ngobwereka. "Zimenezo tikasota konko."

Holo yadzaza. Ena achokera ku Chicago. Nthungululu, perekaniperekani, ana obadwira kuno akujambula ndi mafoni, ena akuthawa chifukwa sanaonepo nkhuku ya nthenga.

Nthawi yosinthana yakwana. Bambo a Tadala anyamula Mkamwini m'mwamba, ndipo iye, amene dzulo amabisala kuseri kwa chomwera madzi, watambasula khosi n'kulira kokoliriko pamaso pa anthu onse. Holo yonse m'manja! Malume amulandira ndi manja awiri, amupima kulemera, agwedeza mutu. Ife atipatsa thadzi loyera, lokalamba, la m'mafamu a mazira, khosi lopanda nthenga.

Mwambo watha. Ndakankha bambo a Tadala ndi chigongono. Apita, anong'oneza malume. Ine ndili kumbuyo kwawo ndi katoni yanga.

Malume avula magalasi. "Tambala wa chinkhoswe abwerere kwawo? Mukufuna kutiuza chiyani, achimwene? Kuti mwana wathu simukumufuna?"

Anthu atembenuka. Mkwatibwi waleka kuvina. Yamikani akundiyang'ana ndi maso opempha, thukuta lili kamukamu. Mwanayu ndinamulandira ndine pa bwalo la ndege atangofika, ali ndi kajekete kopyapyala m'chisanu. Ndimuwonongere tsiku lake chifukwa cha nkhuku?

Ndagwada. Ndati ayi malume, ndimangofuna kukupatsani katoni yoti mumunyamuliremo.

Andiyamikira kuti ndine mkazi wodziwa mwambo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mutu.

M'mawa ndinali ndi kachiyembekezo. Malume afikira m'nyumba yosanja ya mwana wawo, mopanda bwalo, ndiye ndimati tambala akawasowetsa tulo atiitana okha kuti tidzamutenge. Ndinakonzeka kuyenda msewu uja kachitatu. Ndinakonzekanso kupititsa mathadzi anga konko ngati n'kofunika, akakhale ku chitengwa.

Sanawasowetse tulo nthawi yaitali.

Bambo a Tadala akuyenda monyang'ama m'nyumba muno, atsuka mbale osauzidwa, athiranso madzi m'khola. Thadzi loyera lija lili m'galaja, payokha, malinga ndi lamulo. Silikuikira, likungodya. Madala ndamutsegulira, wabwerera kwa ana ake, akutsimphina monyada.

Amayi achizungu aja atumiza uthenga, akufunsa ngati mnyamata wawo wazolowera. Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Ndiwayankha mawa, kapena mkuja. Chisoni chandigwira kwambiri, kuposa mkwiyo.

Masana malume aimba okha, akufuna alankhule ndi ine. Mawu ali myaa, kumbuyo kukumveka mbale.

"Mayi, chibwerereni kuno sindinadye nkhuku yeniyeni, koma lero ndadya. Fupa lolimba, nyama yogwira m'kamwa. Mtundu umenewu muusamale, mwamva? Usadzathe."

Ndati ndamva, malume.