Mmene nyuzi ya azungu inatilanditsira tebulo pamsika

Mpaka lero amake Dalitso, mkazi wanga, akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, pafumbi, ndipo wochititsa ndine. Ndatopa nako kufotokozera munthu mmodzimmodzi, bola ndinene kamodzi zithe.

Ndimasamala maluwa ndi kapinga kwa mzungu wina kumayadi, ulendo wa miyendo kuchokera kwathu ku Ng'ombe. Bwanayo amalandira nyuzipepala ya Chingelezi, ija amalembera azungu anzawo okhala m'maiko a kuno. Akamaliza kuwerenga ankandipatsa kuti ndiziyatsira zinyalala. Ine osayatsira. Ndinkapita nayo kunyumba n'kumawerenga pakhonde, magalasi ali pamphuno (magalasiwo ndi a malemu akulu anga, sindiona nawo bwino, koma amapatsa ulemu). Anthu akamakangana za ndale ndinkangowadula. "Imwe, va pa wailesi ni boza. Nyuzi ya bazungu siinama, balibe chipani baja."

Loweruka lina bwana analandira mlendo, mzungu mnzake woonda, wa kabudula, kabuku kali m'manja. Bwana anandiitana pakhonde, anandipatsa juwisi, mafunso n'kuyamba. Tsono ife a kumayadi tili ndi lamulo lathu: mlendo wa bwana satsutsidwa. Umaona kumene funso likupendekera, nawe n'kupendekera komweko. Zaka khumi ndi ziwiri ndasunga ntchito ndi "inde bwana" basi.

"Anthu kukomboni atopa nalo boma, si choncho?" anafunsa mlendoyo m'Chingelezi chake chothamanga.

"Atopa, bwana."

"Onse?"

"Onse, bwana. Ndi amayi a pamsika omwe."

"Ndiye chisankho chikubwerachi chipani cholamula chigwa?"

Ndinasuzumira bwana wanga. Anali kugwedeza mutu movomereza. "Chigwa, bwana." Akanandifunsa ngati mbuzi za ku Ng'ombe nazo zakwiya, ndikanavomeranso. Ndinamaliza juwisi, ndinabwerera ku maluwa anga, nkhaniyo n'kuiwala.

Patapita milungu itatu, nyuzi inabwera ndi mutu waukulu wonena kuti makomboni a Lusaka atembenukira boma. M'katimo analemba kuti mkulu wina wolemekezeka wa ku Ng'ombe, amene sanafune kutchulidwa dzina, watsimikiza kuti ngakhale amayi a pamsika atopa. Ndinabwereza kuwerenga. Mkulu ameneyu ndani? Abusa? Ahedi a pasukulu? Kapena tcheyamani wa msika yemwe, akulankhula mobisa? (Sekani, ndakulolani. Ine sizinandifikire n'komwe m'mutu. Chibadwire ndani ananditchapo wolemekezeka?)

Pamsika wathu nthawi imeneyo matebulo ankagawa ndi makada, anyamata a chipani, pansi pa tcheyamani wawo. Mayi aliyense ankayala chitenje cha chipani cholamula patebulo lake, osati chifukwa chochikonda, koma kuti tebulo likhalebe lake. Amake Dalitso anali ndi malo abwino zedi, pakhomo penipeni, pamthunzi, zaka zisanu ndi ziwiri. Ana athu akula ndi tebulo limenelo kuposa malipiro anga.

Ndinafika kunyumba nyuzi ili m'khwapa. "Amake Dalitso, chotsani chitenje chija mwamsanga. Vinthu vatembenuka. Batsopano bakalowa, bazayambira bamene banachedwa kusintha."

"Atate a Dalitso, ine nichoma pa msika tsiku lonse. Sininamvepo ivo."

"Bakubisani! Bazungu bafufuza, balemba."

"Bafufuza kuti? Ine sininaonepo mzungu pa msika."

Masiku atatu ndinawakakamira. Podya, nyuzi. Pochapa, nyuzi. Ndinafika pokabwereka chitenje cha chipani chotsutsa kwa neba wathu, amene ankachisunga pansi pa matilesi. Mapeto ake amake Dalitso anavomera, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa ndinawatopetsa.

Chitenje chatsopanocho sichinafike masana. Tcheyamani anabwera ndi makada awiri, osakalipa, osatukwana. Anangonyamula mabeseni a tomato n'kukawaika kunja kwa mpanda bwinobwino. "Bamai, ngati mwasamuka chipani, samukani na katundu." Pofika 2 koloko patebulo paja panali mayi wina akuyala anyezi.

Lolemba ndinapita kuntchito ndi nyuzi ija. Maganizo anga anali oti bwana andiuze dzina la mkulu wolemekezekayo, ndikamugwadire, mwina akatipepesere kwa tcheyamani. Ndinawapeza pakapinga, ine paipi ya madzi ili m'manja, n'kuwalozera ndimeyo.

Bwana anaseka, anandisisita paphewa. "Ndiwe ameneyu! Mnzanga uja anati unalankhula bwino kwambiri."

Abale inu! Ndinaima pamenepo kuthirira nsapato zanga mpaka masokosi ananyowa. Masiku atatu aja ndinali kuzunza mkazi wanga ndi "inde bwana" wanga yemwe, atangomuveka Chingelezi.

Ndinawafotokozera zonse, za chitenje, za makada, za tebulo. Kunena zoona bwana anamva chisoni, nkhope inafiira. "Pepa, pepa," anatero, n'kutulutsa foni. Ndinati eya, akuimbira wamkulu wina, tebulo libwerera. Kodi! Ankaimbira wa kabudula uja. Nyuzi yotsatira inalemba kuti amayi olimba mtima akuthamangitsidwa m'misika chifukwa chotsutsa boma, ndipo mkulu wolemekezeka wa ku Ng'ombe watsimikizanso.

Chilungamo ndinawauza amake Dalitso m'mawa wina, nditawatula beseni pamsewu (imeneyi ndiye ntchito yanga yoyamba masiku ano, ndisanapite kumayadi). Ndinayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndinkakufuna kukalipiridwako. Iwo anangopitiriza kupukuta tomato mmodzimmodzi ndi kansalu. Basi inadutsa, fumbi linabwererapo, anayambiranso kupukuta.

"Ndiye mkulu uja ndimwe," anatero osandiyang'ana.

"Ndine."

"Chabwino. Mzungu uja akabweranso, mumuuze ati amake Dalitso babwezeredwa tebulo yawo. Pakuti vamene mukamba imwe vimalembedwa."

Ndinayesa kuseka. Iwo sanaseke. Ndinanyamuka kupita kuntchito manyazi ali tho, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti ndisanafike pageti la bwana ndinapezeka ndikuwakonza mawuwo m'Chingelezi.