A Lilimebuluu ndi Maso a Akazi Awo

Mumsewu mwathu munalibe matenda oti n'kuwagonjetsa a Lilimebuluu. Mutu, msana, nsanje, zonse mankhwala ake anali amodzi: timabulosi tabuluu tija amati mabulubere. Dzinalo analitengera ku lilime lawo, lomwe linkakhala ngati anyambita inki.

Anali dalaivala wa basi wopuma ntchito. Akazi awo anali telala. Adokotala atanena kuti maso a mayiwo akuzima pang'onopang'ono, bambowo anamva pa wailesi kuti zipatsozi n'zabwino m'thupi. Wailesi sinalonjeze kuchiza munthu, koma wamantha safunsa kawiri.

Anadzala timitengo take m'matayala akale kuseri kwa nyumba. Atamva kuti mbewuyi kwawo n'kumaiko ozizira, anayamba kupempha madzi oundana kubutchala n'kumaika pamizu.

"Kodi mitengoyo ili ndi malungo, achimwene?" ankafunsa wabutchala.

"Yapukwa kwawo. Iwe sunachokepo pakhomo pa amako, ungadziwe chiyani?"

Mbalame zitayamba kuba, anafunditsa mitengoyo diresi laukwati la kasitomala wa akazi awo. Mkwatibwi analowa m'banja ali ndi mawanga kumsana, ndipo apongozi ake mpaka lero satipatsa moni.

Kukhitchini ndiye kunalibe mtendere. Mabulubere mu buledi, mu tiyi, mu jamu. Tsiku lomwe anawathira mu nsomba, mphaka anasamuka.

"Idyani, mayi. Anthu akale a kumaiko ozizira aja ankayanika n'kudya chaka chonse. Munamvapo kuti ankavala magalasi?"

Mayiwo ankadya, ngakhale mano ankayayamira. Akatha, bambo ankaima pakhomo, chifuwa patsogolo.

"Lero ndavala malaya amtundu wanji?"

"Obiriwira."

Bambo uyo, liwiro kumsewu. "Aona! Imvani nonse, aona!"

Koma mayiwo sankaona kanthu. Malaya onsewo anasoka okha, ndipo m'mawa uliwonse ankawasiya okha pampando, atawazindikira ndi zala pa mabatani. M'nyumba ankayenda mowongoka chifukwa anaiwerenga ndi mapazi. Akapunthwa pa tebulo ankameza ululu, kuopa kuti bambo angamve. Ankadziwa kuti tsiku limene adzanene zoona, mwamuna wawo sadzakhalanso ndi chodzukira.

Anthu a mumsewu muno, amene ndimawadziwa bwino mitima yawo, ankamuseka bamboyo ngati wamisala. Panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa mayiwo chifukwa chimene anasiyira kusoka. Omwewo ndiwo analira mokweza pa maliro a bamboyo, kenako n'kumaliza jamu yense wa malemu ndi masupuni.

A Lilimebuluu anagwera pakati pa matayala awo, chitini chothirira chili m'manja. Kuchipatala anatsitsimuka kanthawi kochepa.

"Mayi, mukundiona?"

"Ndikukuonani. Simunapese tsitsi."

Bambo anaseka. Dzuwa lisanalowe, anapita.

Tsopano mumsewu muli zii. Ukadwala mutu, palibe wokuthamangira ndi kapu ya zipatso. Wabutchala amatayira madzi oundana mu ngalande, ndipo sayang'ana kumene akupita.

Anthu atabalalika pa maliro paja, mayiwo anaimirira pakati pa chipinda chawo chomwe, n'kutambasula dzanja.

"Mwanawe," anaitana mwana wawo wamkazi amene anabwera kumaliroko, "ndigwire dzanja. Kuona kuja ndatopa nako."